Funsani Akatswiri: Nyanja Ikaipitsidwa, Mlandu Ngwa Yani?

Makalata a mwezi uno akukhudza nyanja zikuluzikulu zamchere. Tawapereka kwa odziwa malamulo a panyanja ndi ntchito yoyendera sitima m'madoko, ndipo mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, sitima ikatayira mafuta pakati penipeni pa nyanja, kutali ndi dziko lililonse, ndani ali ndi mphamvu yoigwira? Kodi kuli apolisi a dziko lonse lapansi oyang'anira nyanja? — Wophunzira zamalamulo

YANKHO: Apolisi otere kulibe. Malamulo alipo ochuluka, koma owagwiritsa ntchito ndi maboma, lililonse palokha, ndipo boma limene silinakonzeke limangoonerera.

Mutu wa malamulowa ndi pangano la United Nations lotchedwa UNCLOS, lomwe linasainidwa ku Montego Bay m'dziko la Jamaica pa 10 Disembala 1982 ndi kuyamba kugwira ntchito pa 16 Novembala 1994. Ndime 192 ndi chiganizo chimodzi chokha, chakuti mayiko ali ndi udindo woteteza ndi kusunga chilengedwe cha m'nyanja. Povuta ndi pa kagawidwe ka mphamvu. Mamailosi 12 apanyanja kuchokera kugombe ndi gawo la dzikolo, ngakhale sitima zakunja zili ndi ufulu wodutsamo mwamtendere. Mailosi imodzi yapanyanja ndi mamita 1,852. Kufikira mamailosi 200, nsomba, mafuta apansi ndi chuma china n'za dzikolo, koma madziwo ndi njira ya aliyense. Kupitirira apo ndi nyanja ya onse, ndipo kumeneko sitima imayankha ku dziko limene inalembetsedwa, lomwe mbendera yake imakupiza pasitimapo.

Apa ndi pamene pamatsetsereka milandu yambiri. Mayiko amene ali ndi sitima zamalonda zochuluka m'kaundula ndi Liberia, Panama ndi Marshall Islands. Mwini wake akhoza kukhala ku Greece, kampani yoiyendetsa ku Singapore, antchito ochokera ku Philippines, sitimayo osapondako n'kamodzi komwe ku dziko la mbendera yake. Ndime 91 imati pakhale ubale weniweni pakati pa sitima ndi dzikolo, koma sinafotokoze kuti ubalewo uzioneka bwanji. Mayiko ena a mbendera amayesetsa kufufuza madandaulo. Ena amangolandira ndalama ya kalembera.

Dziko la m'mphepete mwa nyanja lili ndi mphamvu, koma yoyezedwa. M'dera la mamailosi 200, ndime 220 inaika makwerero atatu. Pakakhala zifukwa zomveka zokayikira sitima, boma likhoza kungoifunsa dzina, kumene inalembetsedwa, doko limene yachokera ndi kumene ikupita. Kuikwera ndi kuifufuza kumaloledwa pokhapokha ngati zotayidwazo ndi zambiri, zowononga, ndipo sitimayo yakana kuyankha kapena yayankha zosemphana ndi zomwe maso akuona. Kuigwira kumafuna umboni wosakayikitsa wakuti gombe kapena chuma cha dzikolo chawonongeka kwambiri kapena chili pafupi kutero.

Sitima ikalowa yokha padoko, zinthu zimatembenuka. Ndime 218 imalola dziko la dokolo kufufuza ndi kutsegula mlandu ngakhale mafutawo anatayidwa ku nyanja ya onse. N'chifukwa chake mayiko anapanga migwirizano yoyendera sitima m'madoko ndi kuuzana zomwe apeza: wa Paris mu 1982, wa Tokyo mu 1993, wa nyanja ya Indian mu 1998 ndi wa Abuja mu 1999. Sitima yotsekeredwa padoko imadya ndalama tsiku lililonse, ndipo eni ake amaopa zimenezi kuposa kalata yochokera ku dziko la mbendera.

Monga wophunzira zamalamulo, muwerengenso ndime zitatu zimene zimachepetsa mphamvuyi. Ndime 228 imalola dziko la mbendera kutenga mlandu m'miyezi 6 ngati cholakwacho chinachitika kunja kwa mamailosi 12, kupatula pamene chiwonongeko ndi chachikulu kapena dzikolo lazolowera kulekerera. Ndime 230 imati chilango chikhale cha ndalama, kupatula kuipitsa mwadala ndiponso kwakukulu mkati mwa mamailosi 12. Ndime 236 imapatula sitima zankhondo. Ndipo m'mayiko ambiri woweruza sagamula potengera pangano lokha: amafuna lamulo la nyumba ya malamulo lotchula mlanduwo, chilango chake, ndi ofesi yopatsidwa mphamvu yokwera sitima. Boma limene linasaina koma osalemba lamulo lotere lilibe chogwirira.

FUNSO: Ndinamva kuti sitima zimaloledwa kutaya zinthu zina m'nyanja. Ngati n'zoona, malire ake ndi otani, ndipo boma lingadziwe bwanji zomwe zachitika usiku pakati pa madzi? — Mphunzitsi wa sayansi

YANKHO: N'zoona, aphunzitsi. Pangano la MARPOL la mu 1973, loteteza nyanja kuti sitima zisaiipitse, lomwe linakonzedwanso mu 1978 pansi pa IMO, bungwe la United Nations loona za sitima zapanyanja lomwe lili ku London, silinaletse zonse. Linaika miyeso.

Madzi amene amadikha pansi pa chipinda cha injini amasakanikirana ndi mafuta. Pasitima ya matani 400 kupita m'mwamba, madziwa atayidwe sitima ikuyenda, atadutsa m'makina olekanitsa madzi ndi mafuta, ndipo mafuta otsalamo asapose magawo 15 pa magawo 1 miliyoni. Amenewo ndi mamililita 15 m'malita 1,000. Sitima yonyamula mafuta, potaya madzi otsukira mathanki, ikhale mamailosi oposa 50 kuchokera kumtunda, isapose malita 30 a mafuta pa mailosi iliyonse, ndipo onse pamodzi asapose gawo limodzi mwa magawo 30,000 a katundu amene inanyamula. Zonyansa za m'zimbudzi zoperedwa ndi kuthiridwa mankhwala zimatayidwa kupitirira mamailosi 3. Zosathiridwa kanthu, kupitirira mamailosi 12, pang'onopang'ono, sitima ikuyenda pa liwiro losachepera mamailosi 4 pa ola. Zotsala za chakudya zoperedwa mpaka kudutsa pa sefa ya mamilimita 25 zimaloledwa kupitirira mamailosi 3. Pulasitiki ndi yoletsedwa kulikonse, kuphatikizapo zingwe ndi maukonde. M'nyanja zina, monga Baltic ndi Mediterranean, miyesoyi ndi yokhwima kuposa apa.

Tsono za usiku. Chinyengo chodziwika bwino ndi paipi yolambalala makina olekanitsa aja, imene amailumikiza sitima ikatuluka padoko ndi kuimasula ikamayandikira doko lina. Ena salumikiza kanthu, amangothira madzi oyera pa kachipangizo koyeza mafuta kuti kaziwerenga manambala otsika pamene zakuda zikutuluka. Woyendera sitima wodziwa ntchito sayambira pa makinawo. Amayang'ana mabawuti a polumikizira mapaipi: ngati penti yasupuka pa mabawuti amene sayenera kumasulidwa kawirikawiri, kapena pali penti yatsopano pamalo amodzi okha, amalamula kuti amasule. Akapisa chala m'paipi yotulutsira madzi kunja ndi kupeza phula lakuda, umboni wayamba kupezeka, chifukwa paipi imeneyo imayenera kukhala yoyera.

Kenako amatsegula buku la mafuta, momwe mainjiniya amalemba dontho lililonse losamutsidwa. Injini yoyendera mafuta olemera imasiya nsenga, pafupifupi gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a mafuta amene yatentha. Sitima imene yatentha matani 1,000 iyenera kusonyeza kumene matani 10 kapena kuposerapo a nsenga anapita: m'thanki, m'ng'anjo yotenthera, kapena kumtunda ndi lisiti lake. Bukulo likamasonyeza manambala osalala, olembedwa ndi cholembera chimodzi masabata angapo, osagwirizana ndi muyeso wa m'thanki, ndiye kuti lalembedwa tsiku limodzi. Ku United States milandu yambiri yotere imagona pa buku labodzali, popeza kulionetsa padoko ndi mlandu wochitikira m'dziko mwawo. Mu 2016 kampani ya Princess Cruise Lines inavomera mlandu ndi kulipira madola 40 miliyoni, injiniya wina ataulula za paipi yotere pasitima ya Caribbean Princess.

Boma nalo lili ndi mbali yake imene limakonda kuiiwala. MARPOL imalamula kuti madoko akhale ndi malo olandirira nsenga, zonyansa ndi zinyalala, osachedwetsa sitima. Malowo akasowa, kapena mtengo wake ukakwera, kaputeni amakataya kunyanja. Mayiko ozungulira Baltic anathana nazo poika ndalamayi m'kati mwa msonkho wa padoko, kuti wotsitsa zinyalala ndi wosatsitsa azilipira chimodzimodzi.

FUNSO: Mafuta akatayika ndi kuwononga malo ophera nsomba, asodzi amalipidwa ndi ndani? Nanga achite chiyani kuti asamanidwe? — Mlangizi wa zausodzi

YANKHO: Zimatengera mtundu wa sitima, ndiponso ngati boma linalowa m'mapangano oyenera ngozi isanachitike.

Dongosolo la chipukuta misozi linabadwa sitima ya Torrey Canyon itasweka pafupi ndi Cornwall mu 1967, Britain ndi France n'kupeza kuti palibe njira yophweka yolipitsira eni ake. Lero, sitima yonyamula mafuta osauma msanga, monga osayengedwa, ikachita ngozi, malipiro amabwera m'magawo atatu. Woyamba kulipira ndi mwini sitima kudzera mu inshuwalansi, imene ndi yokakamiza akanyamula matani oposa 2,000. Wodandaula safunika kusonyeza kuti mwiniyo anasasamala, koma ndalamayo ili ndi malire, omwe pasitima zazikulu kwambiri ndi 89.77 miliyoni ya SDR, ndalama yowerengera ya bungwe la IMF. Zikapanda kukwana, thumba la mayiko la mu 1992 limawonjezera kufika 203 miliyoni. Gawo lachitatu ndi thumba lina la mu 2003, lomwe limafikitsa pa 750 miliyoni. Osonkha m'matumbawa si maboma, ndi makampani amene amalandira matani oposa 150,000 a mafuta pachaka kudzera panyanja. Choncho dziko loitanitsa mafuta ochepa limatetezedwa ndi thumba la mu 1992 osalipira kanthu, lingotumiza lipoti chaka ndi chaka. Boma la m'mphepete mwa nyanja limene silinalowemo likumana anthu ake pachabe.

Mpata waukulu uli pa sitima zina. Wakashio, imene inagunda matanthwe ku Mauritius pa 25 Julayi 2020 ndi kutaya matani pafupifupi 1,000, sinali yonyamula mafuta. Anatayikawo anali a injini yake. Matumba aja sakhudza ngozi yotere. Imagwa pansi pa pangano lina la mu 2001, lomwe limakakamiza inshuwalansi koma lilibe thumba lowonjezera, ndipo malire a malipiro ndi otsika.

Kwa asodzi, chimene chimagwetsa madandaulo ambiri ndi kusowa kwa umboni. Auzeni asunge chilolezo chawo, malisiti ogulitsira nsomba, ndi zolemba za nsomba zimene ankapha zaka zingapo zapitazo, popeza malipiro amawerengedwa poyerekeza ndi nyengo yomweyo m'zaka za m'mbuyo. Ukonde wopakika mafuta aujambule ndi kuusunga mpaka oyeza auone. Kwa amene salemba kanthu, chowapulumutsa ndi kaundula wa nthambi ya boma yoona zausodzi, wosonyeza mabwato, zida ndi nsomba zofika pagombe. Kaundulayo akakhala wa zaka khumi zapitazo, amene anayamba posachedwa amavutika kuzindikiridwa. Musaiwale nthawi. Ufulu umatha pakapita zaka 3 chiwonongekereni zinthu, ndipo mulimonse pakapita zaka 6 ngozi ichitikireni, ngati nkhaniyo sinafike kukhoti. Kudzaza fomu kokha sikuimitsa nthawiyi. Boma likaletsa usodzi, liyeze nsomba ndi madzi pafupipafupi, chifukwa olipira salandira chiletso chopanda zotsatira za labotale. Salipiranso mtengo wongoganizira wa chilengedwe. Amalipira ndalama zomveka zokonzera malo owonongeka.

Madzi akatayika saoleka, ndipo mafuta ndi chimodzimodzi: otoledwa panyanja nthawi zambiri sapitirira 10 kapena 15 peresenti. Zotchinga zoyandama zimalephera madzi akamathamanga mopitirira pang'ono theka la mailosi pa ola, mafuta amangodutsa pansi. Mankhwala omwaza mafuta amagwira m'maola kapena masiku oyambirira okha, ndipo pa mafuta olemera amangotsetsereka. N'chifukwa chake pangano la OPRC la mu 1990, lokonzekera ngozi za kutayika kwa mafuta, limafuna kuti boma likhale ndi dongosolo lolembedwa, ofesi imodzi yolamula, nambala yoyankhidwa usana ndi usiku, ndi zoyeserera. Dongosololo litchuliretu malo otetezeka ku mafunde kumene sitima yovulala ingakokeredwe. Mu Novembala 2002 Spain inakana kulandira sitima ya Prestige, yonyamula matani 77,000, n'kuikokera kutali. Patapita masiku 6 inathyoka pawiri, ndipo mafuta anafalikira pagombe lalitali mpaka ku France.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamapha milandu: mafuta okayeza atungidwe m'botolo lagalasi loyera, osati lapulasitiki, limatidwe, lilembedwe malo, tsiku ndi ola, ndipo aliyense wolilandira asaine.

FUNSO: Bwanji sitima zakunja zogwidwa zikuba nsomba zimamasulidwa patangopita masabata ochepa? Kodi si ziphuphu zimenezi? — Wowerenga wokhumudwa

YANKHO: Ziphuphu zingakhalepo, koma nthawi zambiri ndi lamulo lenilenilo. Ndime 73 ya UNCLOS imalola boma kukwera, kufufuza, kugwira ndi kuzenga mlandu sitima yopha nsomba mopanda chilolezo m'dera la mamailosi 200. Ndime yomweyo imati sitima ndi antchito ake amasulidwe msanga akapereka chikole chomveka, ndipo imaletsa chilango cha ndende pokhapokha mayiko awiriwo atagwirizana. Boma likaumirira, dziko la mbendera limakasuma ku khoti la malamulo a panyanja ku Hamburg. Chotsala m'manja mwa boma ndi chindapusa ndi kulanda nsomba, zida, ngakhale sitimayo, ngati lamulo la dziko latero. Chindapusa chikachepera mtengo wa nsomba za ulendo umodzi, mwini sitima amangochiwerengera pa ndalama zoyendetsera bizinesi.

Kuthamangitsa nako kuli ndi malamulo. Kuyambike sitimayo ikadali m'dera la dzikolo, itapatsidwa chizindikiro choimitsa pa mtunda woti ione kapena imve, ndipo kusadukize. Kumathera pamene yalowa m'mamailosi 12 a dziko lake kapena a dziko lina. Guinea inaphunzira izi pa mlandu wa sitima ya Saiga: mu 1999 khoti la ku Hamburg linapeza kuti kuthamangitsako kunadukiza ndipo asilikali anagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso, n'kulamula Guinea kulipira madola oposa 2 miliyoni. Australia mu 2003 inathamangitsa Viarsa 1 kwa masiku 21, mtunda wa mamailosi 3,900, n'kuigwira, koma oimbidwa mlandu anamasulidwa mu 2005. Kupeza nsomba m'sitima ndi kwina, kusonyeza kumene zinaphedwa ndi kwinanso.

Lamulo lolembedwa bwino limatseka mpata umenewu. Limalamula sitima yopanda chilolezo kudutsa maukonde atapindidwa ndi kusungidwa, limaika kuzimitsa kachipangizo kosonyeza malo kukhala mlandu pawokha, limalola khoti kulandira umboni wa setilaiti, ndipo limati nsomba zopezeka m'sitima zitengedwe ngati zophedwa m'deralo kufikira kaputeni atasonyeza kuti si choncho. Njira yotchipa kuposa zonse ndi pangano la mu 2009 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016: sitima yakunja ipemphe chilolezo isanalowe padoko, ndipo yokayikitsa ikanizidwe kutsitsa nsomba ndi kumwa mafuta.

FUNSO: Mayiko opanda gombe zikuwakhudza bwanji zonsezi? — Mayi wokonda gawo lino

YANKHO: Zikuwakhudza, mayi, kudzera m'mitsinje. Gawo lalikulu la zoipitsa nyanja limachokera kumtunda: zonyansa za m'mizinda, feteleza wokokoloka, mankhwala a m'mafakitale ndi mapulasitiki. Feteleza akafika kunyanja amachulukitsa ndere. Ndere zikafa ndi kuwola zimatha mpweya wa m'madzi apansi, nsomba n'kuthawa kapena kufa. Kumene mtsinje wa Mississippi umathira, dera lotere linaposa masikweya kilomita 22,000 mu 2017, ndipo fetelezayo ambiri amachokera m'minda ya kutali ndi gombe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti apa ndi pamene lamulo lili lofooka. Pa za sitima, UNCLOS imati malamulo a dziko asachepere miyeso ya mayiko onse. Pa za kumtunda, ndime 207 imangoti maboma aganizireko miyesoyo. Ntchito imatsalira mapangano a m'zigawo, monga la Barcelona la mu 1976, la Abidjan la mu 1981 ndi la Nairobi la mu 1985, ndiponso zilolezo za mafakitale ndi malo oyeretsera madzi oipa m'dziko lililonse. Pangano la mapulasitiki, lomwe mayiko anagwirizana mu Malichi 2022 kuti alikambirane, linakanika kutha ku Busan mu 2024 ndiponso ku Geneva mu 2025. Utsi nawo walowa m'nkhaniyi: pa 21 Meyi 2024 khoti la ku Hamburg linapereka uphungu wakuti mpweya wotenthetsa dziko ndi kuipitsa nyanja pansi pa UNCLOS. Ndipo ndime 90 imapatsa dziko lopanda gombe ufulu wolembetsa sitima, monga zachitira Mongolia ndi Bolivia, limodzi ndi udindo wonse woziyang'anira.

FUNSO: Akuti madzi amene sitima zimanyamula kuti zisapendekeke ndi oopsa. Madzi a m'nyanja angawononge bwanji nyanja? — Wophunzira wa sekondale

YANKHO: Oopsa si madziwo, ndi zamoyo zimene zili m'menemo. Sitima yopanda katundu imapopa madzi padoko lina ndi kukawatsanula padoko la kutsidya, pamodzi ndi mazira, mphutsi ndi tizilombo. M'zaka za m'ma 1980 kanyama konga phala kotchedwa Mnemiopsis kanafika ku Black Sea motere kuchokera ku gombe la America, n'kudya mazira a nsomba ndi chakudya chake mpaka usodzi unagwa.

Pangano la mu 2004 lokhudza madzi amenewa linayamba kugwira ntchito pa 8 Seputembala 2017. Poyamba linkalola kusintha madziwo pakati pa nyanja, mamailosi 200 kuchokera kumtunda, pa malo akuya mamita 200, posintha 95 peresenti ya madziwo. Kuyambira pa 8 Seputembala 2024 sitima zonse zokhudzidwa ziyenera kukwaniritsa muyeso wokhwima: m'malita 1,000 aliwonse musapezeke zamoyo zokwana 10 za kukula kwa mamaikiromita 50 (gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita) kupita m'mwamba. Zambiri zimagwiritsa ntchito sefa yotsatiridwa ndi nyale za UV kapena kolorini wopangidwa ndi magetsi kuchokera m'madzi amchere. M'madoko a madzi amatope sefa imatsekeka ndipo kuwala sikulowerera. M'madzi opanda mchere wokwanira kolorini sapangika. Zikatero antchito amalambalala makinawo kuti asachedwe, choncho woyendera sitima asakhutire ndi satifiketi: ayerekeze buku la madziwa ndi zomwe makinawo anasunga m'kompyuta yake, ndipo zikasemphana atunge madzi okayeza pa paipi yotulutsira, sitimayo ikupopa.